Chilolezo cha makolo chisasanduke chingwe

Mwana akadwala malungo palibe amene amaitanitsa msonkhano. Mayi amangomubereka, bambo n'kupopa njinga, ulendo wa kuchipatala wayambika. Koma mwana yemweyo akayamba kuyankhula yekha, kukhala maso usiku wonse, kukana chakudya kapena kugwa khunyu, pakhomo pamayamba manong'onong'o. Wina akuti tidikire amalume, wina akuti tiyambe taombeza, wina akuti bambo ake ali ku Joni ndipo sitingachite kanthu asanayankhe. Masiku amapita mwana ali m'nyumba, nthawi zina chingwe chili kumwendo.

Funso limene lili pansi pa manong'onong'o amenewa ndi ili: kodi ndani ali ndi mphamvu yovomera kapena kukana kuti munthu wodwala maganizo alandire chithandizo? Kodi ndi makolo, amalume, mwamuna wake, a chipatala, kapena wodwala mwini wake? Maiko ambiri akhala akulemba malamulo pa funso limeneli. Ife a m'malire likutikhudza kawiri, chifukwa odwala athu amapita ku zipatala za mbali zonse ziwiri.

Maganizo anga ndi awa. Banja liyenera kukhala pafupi ndi wodwala kuyambira tsiku loyamba, ndipo lamulo liyenera kulipatsa malo. Koma mphamvu imene makolo ali nayo yovomera m'malo mwa mwana anapatsidwa kuti mwanayo athandizidwe. Ikayamba kugwira ntchito yomutsekera m'nyumba, kumuchedwetsa kapena kumutseka pakamwa, ndiye kuti yasanduka chingwe, ndipo lamulo liyenera kukhala ndi mpeni wodulira chingwe chimenecho.

Kodi chilolezo n'chiyani?

Kuchipatala, chilolezo ndi kuvomera kwa munthu amene wafotokozeredwa bwino. Wauzidwa matenda amene akuganiziridwa, mankhwala amene apatsidwe, ubwino wake, zovuta zimene angabweretse, ndiponso njira zina ngati zilipo. Wauzidwa m'chiyankhulo chimene amamva, wapatsidwa mpata wofunsa, ndipo wavomera popanda kuopsezedwa. Kudinda chala pa pepala la Chipwitikizi limene palibe wakuwerengerani sikuvomera ayi, ndi kungodetsa chala.

Munthu wamkulu amavomera yekha. Mwana wamng'ono amamuvomerera makolo kapena amene akumulera. Koma tiyeni timvetse bwino apa. Chilolezo chimene kholo limapereka chili ngati mbuzi yoikizidwa: ili m'khola mwako, ukuidyetsa ndiwe, koma mwini wake ndi wina. Thupi ndi la mwana, maganizo ndi a mwana, ndipo amene adzamwe mapiritsi tsiku ndi tsiku ndi mwanayo. Mwana akamakula, mbuzi ija imayamba kubwerera kwa mwini wake pang'onopang'ono. Mtsikana wa zaka 16 sangatengedwe ngati khanda la miyezi 6.

Malamulo akuti chiyani?

Lamulo Lalikulu la dziko la Mozambique, la chaka cha 2004, m'ndime 47 likunena zinthu zitatu za ana. Ana ali ndi ufulu wotetezedwa ndi kusamalidwa. Ana angathe kunena maganizo awo momasuka pa nkhani zowakhudza, malinga ndi msinkhu ndi kukhwima nzeru kwawo. Ndipo chilichonse chochitikira mwana chiyenera kuyang'ana ubwino wa mwanayo poyamba. Lamulo nambala 7/2008 loteteza ufulu wa ana likuti mwana ndi munthu aliyense wosakwana zaka 18. Dziko lathu linavomerezanso pangano la United Nations la ufulu wa ana mu 1994, ndi pangano la ufulu wa anthu olumala mu 2012. Pangano lachiwirili likukhudzanso anthu amene ali ndi matenda a maganizo okhalitsa, ndipo likuti iwo ndi anthu athunthu pamaso pa lamulo, oyenera kuthandizidwa kuti asankhe okha.

Amenewa ndi maziko abwino. Koma maziko sauza namwino wa pa chipatala chaching'ono choti achite usiku pamene mayi akulira kuti mwana alandire jakisoni, bambo akukana, ndipo mwana akuthawa. Malipoti a bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO a m'zaka za m'ma 2010 ankasonyeza kuti Mozambique inalibe lamulo lapadera la matenda a maganizo. Anzathu a ku Zambia anakhazikitsa lamulo latsopano mu 2019 m'malo mwa la nthawi ya atsamunda. Ku Malawi anagwiritsa ntchito lamulo la 1948 kwa zaka zoposa 70, ndipo mu 2025 Nyumba ya Malamulo inavomereza lina loti lilowe m'malo mwake. Mu 2023, WHO pamodzi ndi ofesi ya United Nations yoona za ufulu wa anthu anatulutsa malangizo olimbikitsa maiko kulemba malamulo othetsa kukakamiza odwala. Nkhaniyi ili m'kamwam'kamwa m'maofesi akuluakulu, koma amene amaisenza pamutu ndi ife a kumudzi. N'chifukwa chake tiyenera kuikambirana.

Popanda banja palibe chithandizo

Ndiyambe ndi mbali ya banja, chifukwa pali ena ophunzira amene amayankhula ngati abale ndi chopinga basi. Ameneyo sanayendepo m'midzi ya Angonia, Tsangano, Macanga kapena Chifunde. Zipatala zazikulu za matenda a maganizo m'dziko lino zili ku Infulene, ku Maputo, ndi ku Nampula. Kuchokera ku Tete kukafika ku Maputo ndi makilomita oposa 1,000. Ngakhale kuchokera ku Ulongwe kukafika ku chipatala cha chigawo mumzinda wa Tete ndi makilomita oposa 200. Boma litaona kuchepa kwa madotolo, linayamba kuphunzitsa matekiniko a matenda a maganizo m'zaka za m'ma 1990. Mu 2010 analipo 66, ndipo pofika 2014 anakwana 241, mpaka maboma 135 anakhala ndi chithandizochi. Chimenechi chinali chitukuko chachikulu. Komabe tekiniko amaona wodwala kwa mphindi zowerengeka pa mwezi. Masiku ena onse wodwala ali ndi abale ake.

Ndi mayi amene amadziwa tsiku limene mwana anasiya kugona. Ndi mlongo amene amaona kuti mapiritsi akutayidwa kuseri kwa nkhokwe. Ndi agogo amene amagulitsa nkhuku kuti papezeke ndalama ya galimoto. Mankhwala ena a misala, monga haloperidol, nthawi zina amaumitsa khosi, kunjenjemeretsa manja kapena kuchititsa dovu. Banja losafotokozeredwa limaganiza kuti matenda akula, kapena kuti a chipatala amulodza mwana, n'kusiyitsa mankhwala. Banja lofotokozeredwa limabwerera kwa tekiniko, iye n'kusintha mlingo kapena kuwonjezera mankhwala othetsa vutolo. Khunyu nalonso n'chimodzimodzi. Khunyu si misala ndipo sapatsirana, koma kuno kwathu amalithandiza ndi matekiniko omwewo. WHO imati anthu pafupifupi 7 mwa 10 aliwonse a khunyu angathe kusiya kugwa ngati alandira mankhwala oyenera. Koma kusiya mankhwalawo mwadzidzidzi kungabweretse kugwa koopsa, ndiye pafunika wina pakhomo wokumbutsa.

Pali chitsanzo chowawa cha zimene zimachitika abale akakankhidwira pambali. Mu 2016, akuluakulu a zaumoyo m'chigawo cha Gauteng ku South Africa, kumene kuli Johannesburg, anasamutsa odwala maganizo oposa 1,000 kuchoka m'zipatala za Life Esidimeni kupita ku nyumba za mabungwe amene ambiri analibe luso ngakhale chakudya chokwanira. Abale anachenjeza, anapita mpaka kukhoti, koma sanamvedwe. Ena sanauzidwe n'komwe kumene m'bale wawo wapita. Odwala 144 anamwalira. Woweruza wopuma pa ntchito, Dikgang Moseneke, atamva nkhaniyi anagamula mu 2018 kuti boma lilipire mabanjawo. Phunziro lake n'lachidziwikire: lamulo limene silipatsa banja ufulu wodziwa, wofunsa ndi wodandaula limasiya wodwala pa mtetete.

Pamene chilolezo chimasanduka chingwe

Tsopano tiyang'ane mbali inayo, ndipo tisachite manyazi, pakuti mbewa ya manyazi inafera kudzenje. Pali njira zitatu zimene mphamvu ya banja imapwetekera wodwala.

Njira yoyamba ndi kuchedwetsa. Tiyerekeze mnyamata wa zaka 13 amene watentha thupi masiku awiri, kenako wayamba kubwebweta ndi kusazindikira anthu. Pamudzi akuti ndi mizimu, ndipo asapite kuchipatala mwinimbumba asanafike. Koma kubwebweta kwa munthu wotentha thupi kungakhale malungo a mu ubongo kapena matenda oumitsa khosi, ndipo matenda amenewa amapha m'masiku ochepa. Tiyerekezenso mtsikana amene wanena kuti moyo wamukwana ndipo akufuna kudzipha. Ameneyu sangadikire foni yochokera ku Joni. WHO imati mwa achinyamata 7 aliwonse a zaka 10 mpaka 19, mmodzi ali ndi vuto la maganizo, ndipo kudzipha ndi chimodzi mwa zinthu zikuluzikulu zopha anthu a zaka 15 mpaka 29. Pa nthawi ngati imeneyi, munthu wamkulu aliyense amene ali pafupi athamange naye kuchipatala. Amalume adzauzidwa pambuyo, ndipo amalume anzeru adzathokoza.

Njira yachiwiri ndi kukakamiza. Mu 2020 bungwe la Human Rights Watch linatulutsa lipoti losonyeza kuti m'maiko 60 muli anthu odwala maganizo amene amamangidwa ndi unyolo kapena kutsekeredwa, ndipo Mozambique inali limodzi mwa maiko amene ofufuzawo anafikako. Ambiri omanga si anthu oipa mtima. Ndi makolo otopa, oopa kuti mwana aotcha nyumba ya eni kapena asochera, osadziwa kuti mankhwala alipo. Koma unyolo umatupitsa miyendo, umabweretsa zilonda, ndipo umaphunzitsa wodwala kuopa abale ake omwe. Palinso kukakamiza kwa mtundu wina kumene tiyenera kukutchula poyera. Alipo amene amathamangira kunena kuti m'bale wawo wapenga pamene maso ali pa dimba lake, ng'ombe zake kapena ndalama zake za fodya. Lamulo likangonena kuti mawu a abale ndi okwanira kuti munthu atsekeredwe, ndiye kuti lapereka nkhwangwa kwa anthu otere.

Njira yachitatu ndi kutseka pakamwa. Mtsikana wa zaka 15 wasiya kuseka, wasiya sukulu, amalira usiku. Akumutengera kuchipatala ndi munthu yemwe akumuchita zachipongwe m'nyumba, ndipo mafunso onse a namwino akuyankha ndi iyeyo. Kapena mtsikana wa zaka 17 wasokonezeka mutu atangobereka, ndipo amene akuti ndi mwini chilolezo ndi bambo wamkulu amene anamukwatira, pamene lamulo nambala 19/2019 likuletsa ukwati wa munthu wosakwana zaka 18. Ngati palibe chimene chingachitike popanda kuvomera kwa anthu amenewa, mwana uja watsekeredwa m'khola limodzi ndi fisi. N'chifukwa chake malangizo a WHO kwa azaumoyo amati wachinyamata apatsidwe mpata woyankhula payekha, ndipo auzidwiretu zimene zidzasungidwe mwachinsinsi ndi zimene zidzafunike kuuza akuluakulu pofuna kupulumutsa moyo wake. Makolo, namwino akakupemphani kuti mutuluke pang'ono, sanakunyozeni. Akugwira ntchito yake.

Kodi kholo ndani kuno kwathu?

Malamulo olembedwa m'mizinda amakonda kunena za bambo ndi mayi. Koma m'midzi yathu yambiri mwana ndi wa mbumba, ndipo mawu omaliza pa matenda aakulu amakhala ndi amalume. M'mabanja ena, makamaka olowola, mawu amakhala kuchimuna. Bambo ambiri ali ku migodi ya malasha ku Moatize, ku minda ya fodya kapena ku South Africa. Ana ambiri akuleredwa ndi agogo, azakhali kapena achemwali awo chifukwa makolo anamwalira, ndipo palibe pepala la kukhoti lonena kuti wolera ndi uje. Mwana sakulira nakubala, anatero akuluakulu.

Lamulo labwino liyenera kuona zimenezi. Amene amagona m'nyumba imodzi ndi mwana, amene amamuphikira ndi kumusambitsa akadwala, ameneyo azikhala ndi mphamvu yovomera chithandizo, ngakhale akhale gogo wosadziwa kulemba. Amalume ali ndi ulemu wawo ndipo ayenera kuuzidwa. Koma ulemu wa mwinimbumba ndi kuteteza mbumba. Mwinimbumba amene mwana wa mlongo wake wafera m'nyumba podikira mawu ake, ulemu wake watsala pati?

Malire nawonso amabweretsa vuto lake. Wa ku Calomue amaona kuti ku Dedza n'kufupi, wa ku Zobue amapita ku Mwanza, wa ku Tsangano amatsikira ku Ntcheu, ndipo wa ku Cassacatiza amayang'ana ku Zambia. Mukawoloka malire, lamulo logwira ntchito ndi la dziko limene mwalowalo. Wodwala kwambiri amene wafika pa chipatala cha boma ku Malawi angathe kutumizidwa ku chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba, kutali ndi kwathu. Choncho woperekeza akhale munthu wodziwa bwino mbiri ya matendawo, wokhala ndi mphamvu yoyankha m'malo mwa banja, ndipo asachoke asanadziwe kumene wodwala akupita ndi njira yolumikizirana ndi a chipatala.

Zimene ena amanena

Ena amati mwana sadziwa kanthu, kumufunsa n'kutaya nthawi, ndipo nkhuyu zodya ana zimapota akulu. Ndi zoona kuti zinthu zikavuta osenza ndi makolo. Palibe akunena kuti mwana wa zaka 8 azilamula chipatala. Koma kumva maganizo a mwana ndi kumusiyira chiweruzo chonse ndi zinthu ziwiri zosiyana. Mnyamata amene wafotokozeredwa ntchito ya mapiritsi ndipo wavomera yekha amamwa ngakhale palibe womuyang'anira. Amene amangomugwira mphuno amalavula mukangotembenuka. Ku South Africa, lamulo la ana la 2005 limalola mwana wopitirira zaka 12, ngati ali wokhwima nzeru mokwanira kumvetsa ubwino ndi kuopsa kwake, kuvomera yekha chithandizo cha mankhwala. Limapatsanso mkulu wa chipatala mphamvu yovomera pa ngozi pamene makolo sangapezeke msanga, ndipo silimalola kholo kukaniza mwana chithandizo chifukwa cha chikhulupiriro chokha. Abale athu amene ali ndi ana ku Joni akukhala pansi pa lamulo limeneli.

Ena amati zimenezi n'zachizungu ndipo zikuphwanya mwambo. Koma mwambo wathu suweruza munthu osamumva. Pabwalo la mfumu ngakhale wakuba mbuzi amapatsidwa mpata woyankhula. Nanga wodwala, amene sanalakwe kanthu, alekerenji kumvedwa? Za asing'anga ndi mapemphero, munthu ali ndi ufulu wa chikhulupiriro chake, ndipo Unduna wa Zaumoyo wakhala ukugwira ntchito ndi bungwe la asing'anga la AMETRAMO kuti azitumiza odwala kuchipatala. Chimene sitingavomere ndi kumanga wodwala, kumumenya, kumumana chakudya kapena kumusiyitsa mankhwala, kaya zichitike kwa sing'anga, kwa mneneri kapena m'nyumba mwathu.

Ena amati wamisala sangasankhe. Matenda a maganizo ali ngati mtsinje, umadzaza ndi kuphwa. Munthu amene lero sakuzindikira mkazi wake, pakatha masabata angapo akumwa mankhwala angathe kubwerera ku dimba n'kumawerengera ndalama za mbatata ya kachewere bwinobwino. Ambiri odwala nkhawa kapena kukhumudwa kwakukulu sasokonezeka nzeru n'komwe. Ilipo nthawi yovuta pamene munthu afuna kudzipweteka kapena kupweteka ena ndipo sakumva chilichonse. Pamenepo kumuteteza n'kofunika. Koma kukhale kwa nthawi yochepa, kuchitikire kuchipatala, ndipo pakhale wina wosakhala m'bale woona ngati n'koyeneradi. Lamulo la matenda a maganizo la ku South Africa la 2002 likuti m'bale wopempha kuti munthu agonekedwe mosafuna akhale atamuona m'masiku 7 apitawo, wodwalayo apimidwe ndi azaumoyo awiri, aonedwe kwa maola 72, ndipo nkhani yake ipite ku komiti yapadera yoona ngati zayenda mwachilungamo. Mipanda imeneyi imateteza wodwala, komanso imateteza banja loona mtima ku miseche yakuti lataya m'bale wake.

Zimene lamulo liyenera kunena

Kwa aphungu a Nyumba ya Malamulo ndi akuluakulu a Unduna wa Zaumoyo, ife a m'midzi ya m'malire tikupempha zinthu zisanu pa lamulo lililonse lokhudza matenda a maganizo.

Choyamba, wolera mwana weniweni azindikiridwe, ngakhale si amene anabereka.

Chachiwiri, mwana amvedwe nthawi zonse, ndipo pakhale msinkhu womveka umene wachinyamata angapemphe yekha uphungu ndi chithandizo popanda kubwezedwa pakhomo la chipatala.

Chachitatu, pa ngozi chithandizo chisadikire chala cha munthu amene ali kutali, ndipo makolo akakana popanda chifukwa chomveka pakhale ofesi kapena khoti loweruza msanga.

Chachinayi, munthu wamkulu asatsekeredwe pa mawu a abale okha, ndipo kumanga wodwala ndi unyolo kuletsedwe poyera.

Chachisanu, banja likhale ndi ufulu wofotokozeredwa m'Chinyanja, wodziwa kumene wodwala ali, woyendera ndi wodandaula. Wodwala wamkulu aloledwe kusankha yekha munthu womuyankhulira, monga lamulo la ku India la 2017 limalolera munthu kutchuliratu womuimira ndi kulemberatu chithandizo chimene angafune akadzadwala.

Mfundo yomalizayi si yachilendo kwa ife. Ukwati uli ndi ankhoswe. Bwanji matenda okhalitsa asakhale ndi nkhoswe yake, yosankhidwa ndi wodwala mwini wake pamene mutu uli bwino?

Koma tinene chilungamo, lamulo lopanda mankhwala m'chipatala ndi nkhokwe yopanda chimanga. Kuletsa unyolo kudzamveka pokhapokha mayi wotopa uja ali ndi kothawira: tekiniko wopezeka, mapiritsi osasowa, ndi wazaumoyo wa m'mudzi wodziwa zizindikiro za matendawa. Boma likamalemba ufulu pa pepala, liikenso ndalama.

Zimene tingachite lero

Sitiyenera kudikira Maputo kuti tiyambe. Ngati pakhomo pali wodwala maganizo kapena khunyu, khalani pansi pa nthawi imene iye ali bwino, iye mwini alipo. Gwirizanani kuti matenda akadzayambanso woperekeza ndani, chipatala chake n'chiti, ndipo ndalama ya ulendo ichokera kuti. Bambo amene mukupita kukagwira ntchito kutali, siyani mawu omveka pamaso pa amalume ndi a mfumu akuti mwana akadwala apite kuchipatala osadikira inu.

Mukafika kuchipatala funsani dzina la mankhwala, nthawi yomwera, zovuta zimene angabweretse ndi tsiku lobwerera. Safunsa anadya phula. Sungani khadi kapena buku la kuchipatala ndi mapaketi a mankhwala, ndipo muziwanyamula mukamawoloka malire. Musaphatikize mankhwala a zipatala ziwiri popanda kuwauza azaumoyo. Ngati wina wayamba kuyankhula zofuna kudzipha, musamusiye yekha, musamukalipire, tsekerani mankhwala a mbewu ndi a makoswe pamalo amene sangafike, ndipo pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Inu ana ndi achinyamata, ngati vuto lanu likuchokera m'nyumba momwemo, uzani namwino, mphunzitsi kapena wamkulu amene mumamukhulupirira. Nambala ya 116 ya Linha Fala Criança ndi yaulere, ndipo ku Malawi nakonso nambala yothandiza ana ndi 116. Ku polisi kuli ofesi yothandiza mabanja ndi ana ochitiridwa nkhanza. Inu mafumu, anyakwawa ndi atsogoleri a mipingo, mukamva kuti m'mudzi muli munthu womangidwa, musapite ndi chipongwe kwa banjalo. Pitani ndi wazaumoyo wa m'mudzi, thandizani kupeza njira yofikira kwa tekiniko, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Makolo anzanga, palibe amene akufuna kutilanda ana athu. Udindo wovomera m'malo mwa mwana ndi wolemera, ndipo ambiri amausenza ndi misozi. Tikamaugwiritsa ntchito tizidzifunsa funso limodzi: kodi mawu angawa akufikitsa mwana ku chithandizo, kapena akumutalikitsa? Ndipo tisanayankhe, timufunse iye mwini. Mwina ali ndi mawu amene wakhala akudikira kuti wina amve.